Kusaka zipangizo zakale za chiwongolero cha pikapu yamakedzana

Wowerenga wina wanditumizira imelo: ali ndi Ford F-100 ya 1955, chiwongolero chikugwedera, ndipo akufunsa komwe angapeze zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito.

Achimwene, funsoli landikhudza chifukwa ambiri amathamangira kugula bokosi lonse la chiwongolero pamene nthenda ili kwina. Imikani galimoto matayala ali pansi, mnzanu azigwedeza chiwongolero uku ndi uku, inu mugone kunsi muziyang'ana polumikizira paliponse: pitman arm (mkono wachitsulo wotuluka m'bokosi la chiwongolero), drag link (ndodo yochoka pa mkonowo kupita ku tayala), tie rod (ndodo yolumikiza matayala awiri akutsogolo). Pomwe chitsulo china chikuyenda chinzake chili duu, pamenepo ndiye pofunika kukonza. Ma king pin, zitsulo zomwe matayala akutsogolo amakhoterapo, muwayese mutakweza kutsogolo ndi jeki.

Ma tie rod end (mfundo zakumapeto kwa tie rod), ma king pin, mabushi ndi ma seal akale musagule ngakhale atatchipa bwanji. Zimenezi zimaperepeseka, ndipo za F-100 ya 1953 mpaka 1956 zatsopano zikupangidwabe. Zakale zoyenera kusaka ndi bokosi, pitman arm ndi ma spindle (zitsulo zomwe matayala akutsogolo amazungulirapo) basi.

Bokosilo musalipire musanaligwire m'manja. Zungulizani shafiti ya chiwongolero kuchoka kumapeto mpaka kumapeto ena, werengani kuti yazungulira kangati, mubwerere theka. Apo ndiye pakati. Bokosi labwino limalimbako pang'ono pakatipo n'kumamasuka kumapeto. Lakutha limagwedera pakati, poti galimoto imakhalitsa ikuyenda molunjika ndipo mano amadyekera pomwepo. Mukamangitsa bawuti yosinthira kuti kugwederako kuthe, bokosi limayamba kugwira mukakhota ndipo chiwongolero sichibwerera chokha. Ndiye mukaona bawutiyo yalowa yonse m'chivindikiro, lisiyeni bokosilo. Gwedezaninso shafiti ya pitman arm cham'mbali. Ikamasewera, mabushi atha. Ndipo bokosi la galimoto ya chiwongolero chakumanzere silikwana pa yakumanja.

Anthu a hot rod, magalimoto akale osinthidwa kuti azithamanga, amakonda bokosi la Chevrolet Vega, la shafiti ya inchi 5/8 ndi mano 36. Pa galimoto yopepuka lili bwino, koma pa pikapu yolemera ine sindingalivomereze, ndi laling'ono. Chomwe ndimakanitsitsa ndi pitman arm yowotcherera kapena yopindidwa ndi moto kuti ikwane. Chitsulo chimenechi chikathyoka pamsewu, chiwongolero chimangozungulira chokha, matayala osamvanso. Pitman arm yakale iliyonse muitsuke, muiyese ndi mankhwala oonetsa ming'alu musanaimange.

Kokazipeza

Funsani kaye m'magulu a eni magalimoto amenewa. Ambiri amachotsa zonse zogwira ndi kukhotetsa matayala akutsogolo n'kuika za galimoto ya Ford Mustang II, ndipo zoyambirirazo zimangokhala m'galaja zili zabwinobwino. Mukalephera, pitani komwe amaphwasula magalimoto. Pemphani chithunzi cha nambala yodindidwa pabokosi ndi cha mano a shafiti, mufananize ndi zanu. Tengani puller, chida chozulira pitman arm. Hamala imawononga mabering'i am'kati mwa bokosi.