Wailesi yasamuka nambala, bwanji sikumvekanso?

Achimwene, mwati chisamukireni wailesi ya m'dera ija kuchoka cha m'ma 89 kupita m'ma 103 FM, m'galimoto mwanu yasoweratu, kunyumba ku Kawale ikumveka ndi phokoso mpaka wailesi ina kumalowerera, koma mayi anu ku Mitundu akuimva bwinobwino. Ndaona ena ayankha kale kuti "imeneyo yagwa, ndalama zawathera." Tisafulumire. Ine ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi zamagetsi za m'galimoto, ndipo mmene ndikuonera, mwakumana ndi mavuto awiri osiyana.

Za galimoto kaye, chifukwa pamenepo ndikhoza kulumbira. Ngati ndi Sienta, Vitz kapena Passo yochokera ku Japan ndipo wailesi yake simunasinthe, vuto lili pomwepo. Kwathu kuno FM imayambira pa 87.5 kukafika pa 108, pomwe mawailesi ambiri a m'galimoto za ku Japan amayambira pa 76 n'kuthera pa 90. Wailesi yanuyo ili pa 89 munkaipeza mwamwayi chabe, inali kumapeto kwenikweni. Pano yakwera kupitirira pomwe wailesi ya m'galimotoyo imafika, ndiye ngakhale mutayima pansi pa mlongoti wawo simuimva.

Mwina munena kuti munayikitsa kale expander, kabokosi kaja timalumikiza pa waya wa eriyo. Funsani kuti ndi ka nambala yanji. Ntchito yake ndi kutsitsa manambala: ka 10 kamachotsa 10, choncho kamathera pa 100, pa 103 sikafika. Ka 14 kamafika, koma wailesiyo muipeza ikulembedwa 89, osati 103. Ka 18 kaionetsa pa 85. Chovuta china n'chakuti timabokosi tambiri timalowetsanso mawailesi omwe ali pansipo kale, moti awiri amatha kukumana pa nambala imodzi n'kumalimbirana. Kunena zoona, amene ali ndi kangachepe angogula wailesi ina yofika pa 108, mutu upole.

Zakunyumba ndiye zofunika kuleza mtima. Wailesi ya FM ili ndi khalidwe lake: mawailesi awiri akayandikana nambala, imagwira wamphamvuyo n'kutaya wofookayo. Wailesi ya m'dera mphamvu zake zimakhala zochepa, ndiye ikapeza kuti pa nambala yatsopano yayandikana ndi wailesi yaikulu, imamira, makamaka pa timawailesi totchipa tomwe sititha kulekanitsa bwino. N'chifukwa chake mukasuntha pang'ono m'nyumba mawu amasinthana.

Nanga bwanji ku Mitundu, kutali konse, ikumveka? Mafunde a FM amayenda mowongoka, sakonda zotchinga. Munthu wa kumudzi pamalo okwera, opanda zomutchinga, amatha kumva bwino kuposa wa m'tauni amene ali kumunsi chakumtsinje wa Lilongwe, atazingidwa ndi malata ndi mipanda ya njerwa. Komanso kumudzi phokoso la zamagetsi ndi lochepa. M'nyumba zathuzi muli machaja a foni otchipa, mababu a LED ndi inveta ya sola, ndipo zina mwa zimenezi zimatulutsa phokoso lolowa m'wailesi. Yesani chonchi: tsiku lomwe magetsi athima, zimitsaninso inveta, ikani mabatire, mumvere. Phokoso likatha, mfiti ili m'nyumba mwanu momwemo. Muziyatsa chimodzichimodzi mpaka muigwire.

Eriyo nayo musangoikoka yonse. Pa 103 imagwira bwino ikatalika pafupifupi masentimita 73, pomwe pa 89 inkafuna 84. Ibwezeni pang'ono, muipendeketse uku ndi uku, wailesi ili pawindo. Ngati pali batani la mono, dinani, chifukwa stereo imafuna siginolo yamphamvu. Amene mumamvera pa foni, eriyo yanu ndi waya wa mahedifoni, musaupinde m'thumba.

Komabe si kuti a wailesiyo sangalakwitse. Eriyo ya pa mlongoti imapangidwa molingana ndi nambala yake. Kudumpha kuchoka pa 89 kufika pa 103 osaitchunanso kapena kuisintha, mphamvu zina zimabwerera mu transmitter (makina oulutsira mawu), iyo n'kudzichepetsera yokha kuopa kupsa. Zikatero mudzamva anthu a ku Area 25, Chinsapo, Likuni ndi Area 23 onse akudandaula nthawi imodzi. Apo ndiye muwaimbire, koma osangoti "simukumveka." Auzeni dera lanu, nthawi yake, mtundu wa wailesi, ndi dzina la wailesi ikulowererayo ngati mwalimva likutchulidwa. Akakhala ndi zimenezo amakhala ndi ponyamulira popita ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi m'dziko muno.

Aja akuti "angobwerera pa nambala yakale" adziwe kuti nambala sasankha ngati malo ogulitsira tomato. Imagawa ndi MACRA, ndipo imayenera kuganiziranso oyandikana nawo, poti mafunde safuna pasipoti: Mozambique ili kuseri kwa Dzalanyama pomwepa, Chipata ili kungodutsa Mchinji. Pali pangano la ku Geneva la 1984 lomwe maiko amatsata pogawana manambala a FM. Kupitirira 108 ndi kwa ndege, ndipo bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi konkuno.

Chinanso, ngati kulowererako kumachitika m'mamawa mokha nyengo yozizira ya June ndi July, dzuwa likakwera n'kusiya, imeneyo ndi nyengo chabe, mpweya wozizira umafikitsa mawailesi akutali. Palibe choti mukonze.

Tandiuzani galimoto yanu ndi yanji, ndipo mujambule nambala yomaliza yomwe wailesi yake imafika mukamasaka, muponye pompano.