Cotswold Way ndi ntchito yowomba nsalu

Mwafunsa ngati munthu woyenda pansi m'njira ya Cotswold Way ku England angaone zotsalira za ntchito yowomba nsalu. Angazione ndithu, makamaka chapakatikati pa ulendowu, womwe ndi wa makilomita 164 kuchokera ku Chipping Campden kukafika ku Bath. Chuma cha dera limeneli chinachokera ku ubweya wa nkhosa, ndipo pabwalo la tchalitchi cha ku Painswick, tawuni yaing'ono imene njirayi imadutsamo, mudzapezapo manda akuluakulu amiyala yosemedwa a eni malonda a nsalu. Komabe ine ndikukulimbikitsani kuti mupatukire ku tawuni yapafupi ya Stroud, kumene mitsinje inkazunguza makina opangira nsalu zofiira zimene asilikali a Britain ankavala. Mpaka lero kumeneko amapangabe nsalu yokutira mipira ya tenisi.