"Must have" si lamulo: yankho kwa achemwali a ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku England. Ndaidula pang'ono, koma nkhani yake ndi iyi:

"Tsiku lina ndinawamwetsa mankhwala agogo ena koma sindinasaine papepala. M'mawa mwake abwana anandipeza n'kunena kuti, 'You must have forgotten to sign. You should have told me.' Ine kusukulu ndinaphunzira kuti must ndi should onse amatanthauza 'uyenera'. Ndiye amatanthauza kuti ndinayenera kuiwala? Ndinangopepesa, koma mpaka pano sindikudziwa ngati anandikalipira kapena ayi. Chinanso, mnzanga wa kuntchito amaseka ndikanena kuti 'I can be able to come.' Cholakwika n'chiyani pamenepa?"

Achemwali, mtima m'malo. Pa ziganizo ziwirizo, choyambacho abwana anu amakupezerani okha chowiringula. Chachiwiricho ndiye chidzudzulo, koma chosapsa kwambiri.

Chimene chinakusokonezani chilipo ngakhale m'Chichewa chathu chomwechi, kungoti sitichiganizira. Tiyerekeze mwafika pakhomo madzulo, mwapeza njinga ya amalume yatsamira pamtengo wa mango, nsapato zawo zili pakhonde. Mumati chiyani? "Amalume ayenera kuti afika." Palibe amene wawalamula amalumewo kufika. Mwangoona zizindikiro, mutu wanu n'kulumikiza. Koma mukati "amalume ayenera kufika mawa", pamenepo ndiye pali udindo, pali chowakakamiza. Mawu ndi amodzimodzi, "ayenera", koma kamawu koti "kuti" kasintha zonse.

Must wa m'Chingerezi nayenso ali ndi nkhope ziwiri zomwezi. "You must sign" ndi lamulo, muyenera kusaina. "You must be tired" si lamulo ayi, ndi munthu amene waona maso anu ofiira mutachezera ntchito usiku wonse n'kunena kuti muyenera kuti mwatopa. Ndiye akafuna kuganizira chotero za chinthu chimene chinachitika kale, amayamba ndi must, n'kutsatira have, kenako mneni wa mtundu wachitatu uja tinkaloweza ngati nyimbo tili ku pulayimale: go, went, gone, forget, forgot, forgotten. "You must have forgotten" ndi "muyenera kuti munaiwala". Abwana anu amanena kuti sakukhulupirira kuti munachita dala.

Mugwire bwino mfundo iyi, chifukwa ndi imene anthu ambiri timagwera: must ikakumana ndi have ndi mneni wachitatu, pafupifupi nthawi zonse lamulo limatheratu, pamatsala kuganizira basi. Ngati mukufuna kunena kuti munakakamizika kuchita chinthu dzana, mawu ake ndi had to. "I had to work on Sunday", ndinayenera kugwira ntchito Lamlungu, sindikanachitira mwina. Mukanena kuti "I must have worked on Sunday" Mngelezi adzakuyang'anani modabwa, chifukwa mwamuuza kuti simukukumbukira bwino zomwe munachita Lamlungu, mukungoganizira, ngati munthu amene analawa kachasu.

Chifukwa chake n'chakalekale. Could, should, would ndi might poyamba anali a nthawi yakale a can, shall, will ndi may. Must nayenso anali mneni wa nthawi yakale m'Chingerezi chamakedzana, koma mnzake wa nthawi yatsopano anazimirira, must n'kutenga malo ake. Ndiye lero alibenso kwina kobwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake amabwereka had to. Mwa njira, chilembo cha l chimene timalemba mu could osachitchula, chinalowamo cha m'ma 1500 pongotsanzira would ndi should. Sichinali chake.

Tsopano "You should have told me." Apa ife timangoti "mukanandiuza". Tanthauzo lake lili pawiri nthawi imodzi: chinthucho chinali choyenera kuchitika, ndipo sichinachitike. Munthu akanena should have ndiye kuti madzi atayika kale. Mukalankhula za inu nokha kumakhala kudandaula, "I should have listened", ndikanamvera. Mukalankhula kwa wina kumakhala kudzudzula. Kukula kwa chidzudzulocho kumamveka pa mawu ndi pankhope, osati pa galamala, koma poti abwana anu anayamba ndi must have, ine ndikuona kuti sanapse mtima kwenikweni. Amene wakwiya sayamba wakupezera podzera.

Pali kena kamene kadzakudabwitsani tsiku lina. Mukadzamugulira Mngelezi mphatso, mwina keke pa tsiku lake lobadwa, akhoza kunena akumwetulira kuti "Oh, you shouldn't have!" Musadzaibweze kekeyo m'chikwama. Kumeneko n'kuthokoza, monga ife timati "aa, mwadzivutitsiranji?" uku manja onse awiri tatambasula kale.

Abale ake a must have ndi should have amayenda njira yomweyo. "Might have" kapena "may have" ndi mwina: "She might have gone to bed", mwina akagona. "Can't have" ndiye wotsutsana ndi must have: "He can't have taken it, the box is still sealed", sizingatheke kuti wamwa mankhwalawo poti bokosi silinatsegulidwe. Ku America ambiri amati "must not have", koma kumene muliko mudzamva kwambiri can't have. "Could have" ndi chinthu chimene chikanatheka koma osachitika: "She could have fallen", akanagwa. Koma musamale ndi "You could have told me" akakunenerani mokweza mawu pa told. Ameneyo nthawi zina amaluma kuposa should have, ali ngati "kundiuza kokha kunakukanikani?"

Pa ntchito yanuyi zimenezi si zamayeso chabe. Mukalemba mu lipoti kuti "Mrs X fell", mwachitira umboni kuti munaona kapena mukudziwa ndithu. Mukalemba "Mrs X must have fallen", mwanena kuti simunaone, mwangowapeza pansi n'kuganizira. Wowerenga lipotilo, kaya ndi namwino kaya achibale, adzasiyanitsa ziwirizi. Langizo langa n'lakuti muzilemba chimene maso anu aona, "I found her sitting on the floor", zoganizirazo muzikanena pakamwa mukafunsidwa.

Would have ndiye amakonda kuyenda ndi if. Ife timati "mukanaimba, ndikanabwera", kana uku kana uku, mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake pakamwa pathu pamathamangira kunena "If you would have called, I would have come." Anthu ambiri a ku America amalankhula choncho pocheza, koma mphunzitsi wa MSCE kapena wochonga mayeso a Chingerezi a IELTS adzakudulani. Iwo amafuna "If you had called, I would have come." Would mbali imodzi yokha.

Khutu nalo liyenera kuzolowera. Eni chinenerochi satchula have yense pamalo amenewa. Should have amamveka ngati "shudav", mwinanso "shuda". Must have ndi "mastav", ndipo kumpoto kwa England komwe muliko amamveka ngati "mustav". N'chifukwa chake mudzaona anzanu obadwira komweko akulemba "should of" pa WhatsApp, poti 've ndi of zimamveka mofanana. N'kulakwitsa kumeneko, ngakhale wolembayo ali Mngelezi wa mtundu. Musatengere.

Tibwere kwa "can be able to". Ine ameneyu ndimamukonda, chifukwa ndimamuona ngati mwana wa Chichewa wovala suti. Taonani mawu oti "ndingathe". Muli nga, amene amanena za kutheka, mulinso tha, amene amanenanso za kutha kuchita. Ife timawaphatikiza tsiku lililonse ndipo palibe amene amati tabwereza mawu. Ndiye tikamatembenuza m'mutu, nga amasanduka can, tha n'kusanduka be able to. Si ife tokha, ku South Africa ndi m'mayiko ena a mu Africa mudzamva zomwezo, ndipo akatswiri a zinenero anazilemba kale ngati chizindikiro cha Chingerezi cha kumeneko.

Kwa Mngelezi, can ndi be able to ndi chinthu chimodzi, ndiye akamva zonse ziwiri amamva ngati mwanena kuti "ndikhoza kukhoza". Be able to ntchito yake ndi kulowa pamene can sangalowe. Aneni awa, can, could, may, might, shall, should, will, would ndi must, ali ndi mwambo wawo: salandira s ngakhale mukunena za munthu mmodzi, safuna to patsogolo pawo, safuna do pofunsa funso kapena pokana, ndipo awiri sakhalira mpando umodzi. "She can go", osati "she cans go" kapena "she can to go". Ndiye poti "I will can come" n'zosatheka, amati "I will be able to come". Chimodzimodzi "I might be able to", "you should be able to", zonsezi zili bwino. Can yekha ndi amene safuna mthandizi, poti mthandiziyo ndi iye mwini. Komatu lamulo la mpando umodzilo nalo lili ndi olithyola: kummwera kwa United States ndi madera ena a ku Scotland anthu amati "I might could do it", ndipo amamvana bwinobwino.

Pocheza ndi anzanu akwathu ku tchalitchi, "can be able" sangakuphetseni. M'kalata yofunsira ntchito, mu lipoti kapena pamayeso, nenani "I can come" mukatsimikiza, kapena "I should be able to come" ngati mukusiya kampata kakang'ono.

Za pepala lija, zikadzachitikanso musadzangoti sorry n'kukhala chete. Mudzati, "I should have signed it, and I should have told you. It won't happen again." Mukatero mwavomera kulakwa m'mawu omwe abwanawo anagwiritsa ntchito. Ndipo ngati munasaina ndithu koma pepalalo ndiye lasowa, yankho lake ndi "I did sign it. Someone must have moved the sheet."