Malungo ndi amene anandionetsa kuti ndinalibe kampani

Achemwali, pa funso loti entrepreneur ndi ndani: satifiketi yolembetsa bizinesi kwa Registrar General siyisandutsa munthu entrepreneur, kapena kuti mwini bizinesi yoyenda payokha, ayi. Ine ndinali nayo, TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndinali nayo, kaofesi ku Limbe ndi chikwangwani pakhomo. Koma kupanga dizaini, kudinda matisheti, kuthamangitsa makasitomala, zonse zinali m'manja mwanga ndekha. Ndinali freelancer, ndinkagulitsa luso langa ndi nthawi yanga basi.

Mu Okutobala 2023 bungwe lina linandipatsa oda ya matisheti 600. Dipoziti anakana, ati malamulo awo salola kulipira ntchito isanathe. Ndinakongola ku banki m'khonde ya akazi anga, zotsala kwa wakatapila. Nditagula theka la matisheti, mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Kubwerera kumene ndinkaodako, ndinapeza atseka shopu kuti awerengerenso mitengo. Mawa lake ndalama yanga sinakwanenso, inki nayo yakwera. Ndinapita kukadandaula kwa mkulu woona zogula wa bungwe lija. Munthu uja anandikhazika pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka 3, kenako anatuma mlonda kudzandiuza kuti zimene tinasainirana ndi zomwezo. Iyeyo malipiro ake amalowa mwezi ndi mwezi, za mavuto a mnzake alibe nazo ntchito. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Sabata yomweyo malungo anandigwetsa. Masiku asanu ndi atatu ndili chigonere, makina ali zii, palibe wodinda ngakhale tisheti imodzi. Akazi anga ndiwo ankayankha mafoni a wakatapila ali panja kuti ndisamve. Bungwe lija linandilipira mu Febuluwale, litadulanso withholding tax, msonkho umene amachotseratu asanakulipire, ndalama yonse inathera chiwongoladzanja.

Ndiye dzifunseni: mutadwala milungu iwiri, ndalama ingalowe? Ngati ayi, ndinu freelancer, ndipo palibe chochititsa manyazi, bola osasenza lendi ya ofesi ndi ngongole ngati kampani. Entrepreneur amamanga chinthu choti chiziyenda iye kulibe.

Za startup nazonso asakusokonezeni. Saluni, golosale, kudinda matisheti, amenewa ndi mabizinesi ang'onoang'ono, ayenera kukudyetsani mwezi uno. Startup imayesa chinthu chatsopano chofuna kukula msanga, ndipo imatha zaka ikudya ndalama za ma investor, anthu oika ndalama zawo mu bizinesi, phindu lisanaoneke. Ngati maganizo anu ali kumeneko, kachezeni ndi achinyamata a ku mHub, malo othandiza oyambitsa ma startup ku Lilongwe, koma musayerekeze kuyiyamba ndi ndalama ya katapila.

Ngongole ithaweni, achemwali. Komabe oda yaikulu ikabwera musaibweze, ndi imene imakweza munthu, ngakhale mutakongola pang'ono kwa achibale. Ingolimbikirani theka la ndalama musanagule kanthu, ndipo pa kotesheni muzilemba kuti mtengowo ndi wa masiku 7 okha. Panopa ndikuphunzitsa mphwanga kudinda, mwezi watha anamaliza yekha oda ya kwaya ine ndili kumaliro ku Mulanje.