Ayi achemwali, sanali atafa kale

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene angomaliza kumene sizoni yachiwiri ya Lost, sewero la pa kanema la anthu amene ndege yawo inagwera pachilumba. Mnzawo wa kuntchito wawauza kuti asadzivutitse, anthu onse a pachilumba paja anafa kale pa ngozi ya ndege m'gawo loyamba, zonse akuonerazi ndi za ku puligatoliyo. Ndiye akufunsa kuti apitirize kapena angosiyira pomwepo.

Achemwali, mwandiputa. Imelo yanu inandipeza ndikusamba m'manja, ndipo nsima inazizira ndikuyang'anabe foni.

Ine seweroli ndinalidziwa mochedwa. Ku America linayamba pa kanema wa ABC pa 22 September 2004, koma kwa ine linafika mu 2008, lili m'thumba la jekete la msuweni wanga amene tinkachita naye lendi chipinda chimodzi ku Zingwangwa. Anagula pamsika zimbale za DVD, zija amapanikiza sizoni yathunthu pa chimbale chimodzi, nkhope za anthu n'kumaoneka ngati ukuwasuzumira kuseri kwa neti ya udzudzu. Tinkaonera pa kompyuta yakale yolira ngati chigayo, titaisanjika pa ndowa yovundikira.

Poyamba ndinkayesa ndi nkhani ya njala ndi ludzu basi. Ndege ya Oceanic 815, yochoka ku Sydney kupita ku Los Angeles, yaduka m'mwamba, anthu 48 adzipeza ali pagombe la chilumba chosadziwika. Madzi awapeza kuti, moto aukoleza bwanji, atsogolere ndani. Ine pokhala mwana wa kunyanja ndinkangopukusa mutu. Anthu ali pamchenga, nyanja yodzaza nsomba ili pamaso pawo, koma akulimbirana timapaketi ta m'ndege! Wanzeru ndinkamuona ndi Jin yekha, mwana wa msodzi wa ku Korea uja, ndi mdala Locke amene analowa m'tchire ndi mipeni yake n'kubwerako ndi nguluwe. Enawo kwathu ku Nkhotakota ana a sitandade 4 akanawaseka. Pambali pang'ono: kukhala pachilumba kwenikweni anakuonetsa ndi anyamata 6 a ku Tonga amene mu 1965 anatenga bwato la eni, mphepo n'kuwataya pa kachilumba ka 'Ata. Anakhalapo miyezi 15, akudya nsomba ndi mbalame, akulima, moto osaulola kuzima, mpaka anawapeza mu 1966 onse ali moyo. Koma sewero lotere, la anthu omvana, ndani angalionere zaka 6?

Ndiye kunatulukira chimbalangondo choyera, nyama ya kumadzi oundana, ikuthamanga m'nkhalango yotentha, Sawyer n'kuiombera. Msuweni anaimitsa filimu, kundiyang'ana, osayankhula. M'mawa mwake anagula kope lachikuto cholimba.

Kope limenelo ndi limene linatidyera tulo chaka chathunthu. Tsamba loyamba linali la manambala aja: 4, 8, 15, 16, 23, 42. Tsiku lina anandidzutsa cha m'ma 2 koloko usiku, kandulo ili m'manja, kuti wawonkhetsa ndipo akukwana 108, chimodzimodzi mphindi zimene Desmond ankadikira asanadine batani m'chipinda cha pansi pa nthaka chija. Anasangalala ngati watulukira mankhwala a malungo. Patapita sabata tinapita ku kafe ya intaneti, yolipira pa mphindi, n'kupeza kuti pa Lostpedia, tsamba la pa intaneti la okonda seweroli, anthu a dziko lonse anali atalemba kale zimenezo ndi zina zambirimbiri: kuti Locke, Rousseau ndi Hume ndi mayina a anthu anzeru zakuya a ku Ulaya a makedzana, kuti zilembo za dzina la Ethan Rom ukazisanja mwina zimapanga mawu achingelezi otanthauza "munthu wina". Ndinkayesa akhumudwa. M'malo mwake analipira mphindi zina 30.

Misala imeneyi sinali yathu yokha. Mu January 2011, sewero litatha kale, manambala anayi mwa asanu ndi limodzi aja anatulukadi pa lotale ya Mega Millions ku America, ndipo anthu zikwizikwi amene ankabetcha manambala a Hurley, amene m'seweromo anawina nawo lotale, analandira madola 150 aliyense. Manambala amene m'seweromo ndi atsoka!

Tsono msuweni wangayu anakulira ku Katolika, ankatumikira pa Misa ali mwana, ndiye kwa iye nkhani inali yosavuta. Kate anapha munthu, Sawyer ndi kathyali, Sayid ankazunza akaidi ku nkhondo, Eko ndi chigawenga chovala mkanjo wa wansembe, aliyense wasenza tchimo lake. Malo osonkhanitsira anthu otere kuti ayeretsedwe ndi ati? Puligatoliyo. Ine ndinkakana. Langa linali lakuti chilumbacho chili ndi eni ake ngati mmene nkhalango za kumanda zimakhalira, ndipo Locke, munthu amene anakwera ndege ali pa njinga ya olumala n'kudzuka pamchenga akuyenda, mizimu yamulowa. Sindinena zambiri, koma mukadzafika ku sizoni yachisanu mudzandikumbukire.

Mu 2009 msuweni anakwera basi ya ku Joni. Kope anandisiyira ine. Gawo lomaliza linaonetsedwa pa 23 May 2010, ine ndinalipeza patapita milungu ingapo, ndipo ndinalionera ndekha. Magetsi anazima Jack, dokotala wotsogolera opulumuka aja, atangolowa m'tchalitchi muja, ndinadikira mpaka mawa lake madzulo kuti ndione mphindi khumi zotsalazo. Nditamaliza ndinagula mayunitsi a ndalama zimene zinali za ndiwo, kumuimbira. Moni sanandipatse n'komwe. Anangoti, "Ndinakuuza, ase." Tinakangana mpaka foni inaduka yokha, ndipo mpaka lero akabwera pa Khrisimasi nkhaniyi alamu anga amailetsa patebulo.

Choncho mawu a mnzanu wa kuntchitoyo ndakhala ndikuwamva zaka zonsezi, ndipo ndatopa nawo. Ndi bodza. Sindikunena kuti ndi maganizo ena oyenera kuwalemekeza ayi, ndi bodza basi. M'gawo lomalizalo bambo ake a Jack, a Christian Shephard, amamuuza mwana wawo pakamwa poyera kuti zonse zimene zinamuchitikira zinali zenizeni, ndi kuti mwa anzake ali m'tchalitchimo ena anamwalira iye asanafe, ena patapita zaka zambiri iye atafa. Ngozi inachitikadi, anapulumukadi, chilumba chinalipodi. Za moyo wa kutsidya kwa imfa ndi mbali imodzi yokha ya sizoni yachisanu ndi chimodzi, osati sewero lonse. Chinasokoneza anthu ambiri n'chakuti pamene mayina ankadutsa kumapeto, a ABC anaikapo zithunzi za zidutswa za ndege zili pagombe popanda munthu. Sanaziike ndi alembi, ndipo a kanemawo anavomera okha kuti sizinali mbali ya nkhani. Msuweni wanga ndimamukhululukira chifukwa anaonera magawo onse 121 ndipo ali ndi ufulu wophonya. Amene amandinyansa ndi awa sanaonerepo ngakhale sizoni imodzi, anangomva m'minibasi, koma ndi amene amathamangira kukagwetsa mphwayi anzawo.

Komanso tinene kuti zikanakhala zoona. Kodi tili ana, agogo akati "Ndagi!" ife n'kuyankha "Gize!", chokoma chinali yankho? Yankho limakhala dzira kapena utsi, kanthu kopanda pake. Chokoma chinali kukanda mutu kuja, kulimbana ndi achimwene ako, kuseka wophonya. Ine kuchipinda cha ku Zingwangwa sindikumbukako mayankho.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo alembi ake, a Damon Lindelof ndi a Carlton Cuse. Milandu ali nayo. Kamnyamata kaja Walt anatiuza kuti n'kapadera, kenako wosewerayo anakula msinkhu mofulumira pamene m'nkhanimo pangodutsa masabata ochepa, basi anangomuchotsa, ife n'kutsala kukamwa yasa. Ndipo sizoni yachitatu imene mukuyambayi koyambirira kwake imazungulira ngati galu wofuna pogona, chifukwa alembiwo sankadziwa kuti sewero lidzatha liti, ndiye ankatafuna pang'onopang'ono kuopa kuti nkhani ingawathere. Mpaka anatipatsa gawo lathunthu lofotokoza za zojambula za pamkono pa Jack. Anabweretsanso Nikki ndi Paulo, kutiuza kuti anali pagombepo kuyambira kale, oonera anawada kwambiri moti alembi anawakwirira ali moyo. Pepani, icho chandipulumuka. Zinthu zinawongoka mu May 2007, a ABC atalengeza kuti sewero lidzatha mu 2010.

Tsono muchite chiyani?

Pitirizani. Pirirani magawo oyambirira a sizoni yachitatu, pomwepo mudzaona zikhola zimene a DHARMA, gulu la ofufuza limene linali pachilumbapo kale, ankasungiramo zimbalangondo zija. Musatsegule Lostpedia, tsamba lililonse kumeneko limaulula za kumapeto. Pezani munthu mmodzi woonera naye, makamaka wamakani. Gawo lachisanu la sizoni yachinayi, la Desmond ndi Penny, mudzalionere foni mutathimitsa.

Mukamaliza sizoni yachitatu mudzaona bokosi la maliro lotseka, ku maliro opanda anamalira. Musanapitirire mundilembere kuti mukuganiza kuti muli ndani. Ndatsegula kope lija kuti ndione: ine ndinalemba Sawyer, msuweni analemba Michael n'kudula mzere kawiri kunsi kwake. Awiri amenewa musawalembe.