Atuluki pa masamba a mchezo, ndi mafunso anu a sabata ino

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Limbe amene amachita geni ya zovala. Katundu wawo amamuona pa Instagram ndi pa WhatsApp kuchokera kwa eni masitolo a ku Laleli, dera la mu mzinda wa Istanbul ku Turkey lodziwika ndi zovala zopikulitsa. Akuti pa masamba amenewo Chingerezi n'chosowa, anthu ake amangolemba m'chiyankhulo chawo. Iwo amachitchula kuti Chitekishi, koma mwana wawo akuwatsutsa kuti mawu oterowo kulibe. Ndiye akufunsa dzina loyenera la chiyankhulocho, la anthu ake, komanso chifukwa chimene anthuwo salembera Chingerezi.

Mayi, aliyense wokumvani akudziwa chimene mukunena, komabe mwana wanuyo ali ndi mfundo. Mawu akuti Chitekishi asenza katundu mmodzi kawiri. Kachidutswa ka kumapetoko, shi, kachokera ku Chingerezi, ndipo kumeneko kamagwira ntchito yomwe mphatikiri chi- amagwira kwathu kuno. Ife timatenga tsinde la dzina la mtundu n'kuliveka m-, a- kapena chi-: Mtumbuka, Atumbuka, Chitumbuka, Mpwitikizi, Apwitikizi, Chipwitikizi. Anthu amene mukuchita nawo malondawa amadzitchula kuti Türk. Lilime lathu silola r ndi k kugundana, ndipo mawu athu onse amathera pa lembo la liwu, choncho timapeza tu-lu-ki. Anzathu a Chiswahili anadutsa njira yomweyi kalekale, amati Mturuki, Waturuki, Kituruki. Ife tikatsata lamulo la kalembedwe kathu, r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga mu kulira ndi kulera, pamene pambuyo pa a, o ndi u pamakhala l, monga mu kugula. Ndiye ine ndimalemba Mtuluki, Atuluki, Chituluki. Wina akalemba Chituruki pofuna kuti lisamveke ngati lachokera ku kutuluka, sindingamudzudzule.

Mwina mungati bwanji osangonena kuti chiyankhulo cha ku Turkey? Pocheza n'zotheka, koma si zolondola kwenikweni. M'dzikomo muli anthu mamiliyoni ambiri amene chiyankhulo chawo cha pabere ndi Chikurdi. Komanso Chituluki chinawoloka malire kalekale: mu 1961 West Germany inapangana ndi dzikolo zotenga anthu aganyu m'mafakitale, ndipo lero ku Germany kuli anthu pafupifupi 3 miliyoni a magazi a Chituluki, amene ambiri mwa iwo amacheza ndi abale awo pa Facebook m'chiyankhulo cha makolo awo. Dzina la dziko la Atulukiwa lisiyeni momwe lilili. Kuyambira mu Juni 2022 ku United Nations limalembedwa Türkiye, monga eni ake anapempha.

Tsono funso lanu lachitatu ndi limene landikhudza mtima. Anthuwa salemba Chingerezi chifukwa saona chosowa m'chiyankhulo chawo, ndipo zimenezi sizinangogwa kumwamba ayi. Mu Novembala 1928 boma la Mustafa Kemal Atatürk linasiya malembo a Chiarabu n'kutenga a Chilatini ngati athuwa, koma linawasula kuti agwirizane ndi pakamwa pawo. Alipo 29. Mulibe q, w ndi x, koma muli ç, ğ, ı, ö, ş ndi ü, amene mwina mwawaona pansi pa zithunzi za madiresi. Mu 1932 anakhazikitsa bungwe loona za chiyankhulo lomwe lero limatchedwa Türk Dil Kurumu, zaka 40 Chichewa Board yathu ya 1972 isanabadwe. Mtima wopanga mawu awoawo unazika mizu, moti kompyuta itafika anaipatsa dzina loti bilgisayar, kuchokera ku bilgi, chidziwitso, ndi saymak, kuwerengera. Mwana wa ku Ankara akamati bilgisayar saganiza n'komwe kuti akumasulira chinthu chachilendo.

Intaneti inawapeza ali okonzeka. Mu 1999, Facebook kulibe, anali kale ndi tsamba lawo lotchedwa Ekşi Sözlük, lomwe anayambitsa Sedat Kapanoğlu, pomwe anthu wamba amalemba maganizo awo pa mutu uliwonse ngati akulemba mtanthauziramawu. Mpaka pano lilipo. Mu 2008 Facebook inatsekula khomo kuti eni ziyankhulo azimasulira okha mabatani ake mongodzipereka, kuyamba ndi Chisipanishi, ndipo Atuluki sanachedwe kulowapo. Lero Mtuluki akatsekula foni yake amapeza Beğen ndi Paylaş pomwe ife timapeza mawu a Chingerezi. Ndipo amalimbira malo awowo. Mu Malichi 2014 boma litatseka Twitter, anthu analemba ndi penti m'makoma manambala oti 8.8.8.8, omwe munthu akawalowetsa mu foni kapena kompyuta ankazembera chitsekocho. Kukangana konseko kunkachitika m'Chituluki. Ine zimandipatsa nsanje yabwino, chifukwa Chichewa n'chokwanira kusenza nkhani za ndale, malonda ndi nthabwala chimodzimodzi, ndipo ndemanga zambiri pansi pa nkhani za pa masamba athu zimalembedwa kale m'Chichewa ngakhale nkhaniyo ili m'Chingerezi.

Bambo wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg wafunsa ziwiri. Choyamba, Facebook, TikTok, X ndi anzake onse pamodzi tiziwatchula chiyani? Chachiwiri, pa gulu lina la anthu obwera kuchokera m'mayiko osiyanasiyana anamudzudzula atayankha Mmalawi mnzake m'Chichewa, kodi analakwa?

Bambo, choyambacho atolankhani a pawailesi anatithandiza kale. Timati masamba a mchezo, limodzi ndi tsamba la mchezo. Mawuwa ndimawakonda chifukwa mchezo ndi wathuwathu, ndi uja wa pabwalo usiku kapena wa pachinkhoswe, ndipo munthu wa kumudzi akamva amadziwiratu kuti ndi malo okambirana. Onetsetsani kuti a akhale payekha polemba: masamba a mchezo. Timati pa Facebook, pa tsamba, popeza tsamba ndi chinthu cholembapo, ndipo pa ameneyo timamusiyanitsa ndi dzina lachilendolo. Atuluki amachita mosiyana: mphatikiri wawo amabwera kumapeto, ndipo amamulekanitsa ndi dzina pogwiritsa ntchito nkhodolero, n'kulemba Facebook'ta. Pa gulu ndi m'gulu zonse n'zabwino. Uthenga mumaponya pa gulu, koma munthu amakhala m'gulu kapena kuchotsedwa m'gulu.

Mlandu wanu wachiwiriwo ndi wakale kuposa momwe mukuganizira. Mu Januwale 2004 kampani ya Google inatsegula tsamba la mchezo lotchedwa Orkut, dzina la amene analipanga, Orkut Büyükkökten, yemwe ndi Mtuluki. Chodabwitsa n'chakuti amene analikhamukira kwambiri sanali Atuluki anzake kapena Amereka, koma anthu a ku Brazil. Pasanathe chaka anapitirira Amereka m'chiwerengero, ndipo ankalemba Chipwitikizi paliponse. Oyankhula Chingerezi anadandaula kuti alendowa awalanda bwalo ndipo sakumva zimene zikunenedwa. A ku Brazil sanabwerere m'mbuyo, mpaka mu 2008 Google inasamutsira kayendetsedwe ka tsambalo ku Belo Horizonte, komweko ku Brazil. Linadzatsekedwa pa 30 Seputembala 2014.

Ndiye yankho langa ndi ili. Pa tsamba lanu, kapena pa gulu la Amalawi, lembani Chichewa mopanda kupepesa. Koma pa gulu limene munasonkhana ndi anthu a ku Zimbabwe, Congo ndi Mozambique kuti muthandizane za nyumba kapena ntchito, mwambo wake ndi womwe uja wa pakhomo: sitinong'onezana pamaso pa mlendo. Ngati nkhaniyo ikukhudza onse, ikani mzere umodzi wowafotokozera. Ngati ndi ya awiri, pitani nayo kumbali. Amene anakudzudzulaniyo akanalakwa akanati Chichewa n'chosayenera pa intaneti, koma ngati anangopempha kuti amve nawo, mpatseni.

Mtsikana wina wa fomu 3 ku Zomba akufunsa ngati nkhodolero ili ndi ntchito polemba pa foni, popeza anzake onse amaisiya.

Mwanawe, Atuluki ali ndi vuto lofanana ndi lako. Akamalemba mothamanga, kapena pa kiyibodi yopanda malembo awo, ena amasiya timadontho ta pamwamba. Koma oldu ndi öldü si mawu amodzi: oyambawo akutanthauza kuti zachitika kapena zatheka, achiwiriwo kuti wamwalira. Taganiza uthenga wotero ukufika kwa mayi amene mwana wake ali m'chipatala. Kwathu kuno mbale ndi yodyeramo, m'bale ndi munthu wa magazi ako. Ukalemba kuti mbale wanga wafika, ogwirizanitsa mawu akupulumutsa, chifukwa wanga ndi wa- akuloza munthu. Koma ukalemba kuti ndabwera ndi mbale, wowerenga sadziwa ngati akonze mpando kapena apakule ndiwo. Ng'oma imalira pagule, ngoma ndi nyama ya nyanga zopotana ya ku Liwonde ndi ku Majete. Kusiya h nakonso n'koopsa chimodzimodzi: phala ndi lakumwa m'mawa, pala ndi kulamula munthu kuti apale moto kapena nsomba. Pocheza ndi mnzako palibe adzakuchotsera malikisi, koma dzanja limazolowera zimene limachita tsiku ndi tsiku, ndipo pa mayeso a MSCE lidzalemba zomwezo. Nkhodolero ili pa kiyibodi ya foni iliyonse. Uziilemba.

Mphunzitsi wina wa ku Chipata, ku Zambia, sakondwa ndi mawu akuti kulayika, kusheya ndi kukomenta, ndipo akufuna ndinene kuti ndi olakwika.

Aphunzitsi, ndigwirizana nanu pa awiri, pa amodzi ayi. Kukomenta sitikukufuna, popeza tili ndi kupereka ndemanga ndi kuthirira ndemanga, mawu amene amakwana bwino lomwe. Kusheya nako kuli ndi kugawira ena kapena kugawana, ngakhale ndikudziwa kuti achinyamata sakusiya msanga. Koma kulayika kukutseka dzenje lenileni. Mawu athu oti kukonda ndi olemera kwambiri. Mukanena kuti bambo uje wakonda chithunzi cha mkazi wa mnzake, mwayambitsa nkhani ya kwa ankhoswe, pamene iye wangodina batani. Atuluki ali ndi mwayi pamenepa, chifukwa ali ndi mawu awiri: sevmek ndi chikondi cha mumtima, beğenmek ndi kusangalatsidwa ndi chinthu, ndipo pa batanipo anaikapo achiwiriwo. Ife kusangalatsidwa nacho n'kolondola koma n'kwakutali. Tamverani momwe kulayika kwakhazikikira: timalayikana, chithunzi chimalayikidwa, wina amati undilayikireko tsamba langa. Mneni amene walandira misintho yonseyi walowa m'banja. Chofunika n'kumulemba mwa Chichewa, ndi y pakati, osati kusakaniza ku- ndi kalembedwe ka Chingerezi.

Lomaliza ndi la agogo ena a ku Ntcheu amene adzukulu awo amawatumizira kkkkk, ndipo akufunsa ngati ndi Chichewa.

Agogo, ndi kuseka kumeneko, kuja timalemba m'mabuku kuti kikiki, malembo a liwu atachotsedwa chifukwa cha changu. M'kalata kapena m'chimangirizo sikuyenera, koma pa mchezo palibe cholakwa. Adzukulu anuwo sali okha: a ku Brazil nawonso amaseka kkkk. A ku Thailand amalemba 555, chifukwa nambala 5 m'chiyankhulo chawo imatchulidwa ha. A ku Indonesia amati wkwk. Inu mukafuna kuwayankha mwa kwanu, lembani hede! ulu! monga amasekera amayi pamtondo, adzakumvani. Ndipo mayi a ku Limbe aja adziwiretu izi: Atuluki akaseka kwambiri amangomenya malembo osatanthauza kanthu, monga asdfghjk, ngati munthu wagwera pa kiyibodi ndi phwete. Mukadzalandira zoterozo kuchokera ku Laleli mutapempha kuti akuchotsereni mtengo, musathamangire ku Google Translate, imene yakhala ndi Chichewa kuyambira mu Disembala 2014, poti sidzakuuzani kanthu. Mwini sitoloyo akuseka, ndipo malondawo akadali pakati.