Zoti Albertina Sisulu anali ndani: yankho la azakhali

Eee, moni nonse m'gulu muno. Iwe mwana wa achimwene, uthenga wako ndauona. Ukuti takisi imakutsitsa pa msewu wa Albertina Sisulu m'tauni ya Johannesburg, ndiye ukufunsa kuti mayi ameneyu anali ndani, kapena anali nduna. Zolemba ayi, maso anga awa akana, ndingolankhula.

Sanali nduna ayi. Unduna anadzaupeza ndi mwana wawo, Lindiwe. Iwo anali namwino, ngati ine ndemwe, komanso mzamba. Msewu ukuunenawo kale unkatchedwa Market Street.

Anabadwa mu 1918 ku Transkei. Dzina lakwawo linali Nontsikelelo, la Albertinali anachita kusankha kusukulu ya mishoni. Mtima wawo unali pa usisitere. Koma bambo awo anamwalira iwo akadali kamtsikana, mayi awo odwaladwala, azing'ono awo onse maso ali pa iwo. Ndiye wansembe wina anawauza kuti, mwanawe, sisitere salandira malipiro, koma wophunzira unamwino amapatsidwako kangachepe akadali pa maphunziro. Basi mu 1940 ulendo wa ku Johannesburg General Hospital, mbali ya anthu akuda, chifukwa nthawi imeneyo ngakhale mabedi a odwala ankawasiyanitsa potengera khungu. Ukumva? Unamwino anaulowa chifukwa cha njala ya pakhomo. Ambiri a ife tinalowa choncho, chikondi cha ntchito chinatipeza tili kale m'wodi.

Mu 1944 anakwatiwa ndi Walter Sisulu, ndipo woperekeza mkwati anali Nelson Mandela. Tsono apa ndi pamene ndikufuna utchere khutu, chifukwa anthu akamakamba amathamangira ku zionetsero. Mu 1949 bamboyo anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa ANC, n'kudzipereka ku chipani usana ndi usiku. Nanga pakhomo paja pa Orlando West ankagula chakudya ndani? Malipiro a namwino. Ana awo asanu, kuonjezapo ana a achibale amene ankawalera, kuonjezanso alendo a chipani osatha phazi. Bamboyo anagwidwa mu 1963, chaka chotsatira pa mlandu wa Rivonia n'kuwalamula kukhala m'ndende moyo wonse, ku Robben Island. Anatuluka mu Okutobala 1989. Werenga wekha zakazo.

Ine malipiro a namwino ndimawadziwa. Umalandira lero, pofika pa 10 wayamba kale kuyang'ana kalendala. Ukaweruka naiti, mapazi atatupa mpaka nsapato kukana kuvuka, manja akununkha mankhwala ngakhale usambe kawiri, umapeza mwana akukudikira pakhomo ndi kalata ya fizi. Ine ndinali ndi ana atatu, bambo awo alipo, koma ndinkalira. Nanga iwowo?

Ndiye uzamba wa masiku amenewo sunali wodikira m'chipatala. Ankayenda wapansi m'makomo a ku Soweto, sutikesi ya zipangizo pamutu, kukachiritsa amayi kunyumba kwawo. Mzamba amalowa mpaka kuchipinda, kumene mwamuna wandale sangafike. Amaona mphika ngati wapita pamoto, amamva za mwamuna amene wagwidwa chifukwa chosowa chitupa chimene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nacho. Ndiye akamayendera amayiwo ankakambanso nawo za bungwe la amayi. Pa 9 Ogasiti 1956, amayi pafupifupi 20,000 anakafika ku Union Buildings, maofesi akuluakulu a boma ku Pretoria, kukakana zitupazo, iwo ali m'gulu la okonza. Tchuthi chija munapuma mu Ogasiti, cha tsiku la amayi, chimachokera pamenepo.

Dikira kaye... iwe, tachepetsa wailesiyo! Pepani, ndi chidzukulu.

Ndimati chiyani? Eya, kumangidwa. Mu 1963 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo lotsekera munthu masiku 90 popanda kupita naye kukhoti. Mzimayi woyamba kugwidwa ndi lamulo limenelo anali iwowa, ati aulule kumene amuna awo abisala. Anawatsekera okhaokha. Mwana wawo Max, wa zaka 17, naye anamugwira. Kenako kunabwera ziletso, zaka 18 zonse pamodzi: osapezeka pamsonkhano, osatuluka m'dera popanda chilolezo, kukasaina kupolisi, ndipo zaka zina pofika madzulo akhale ali m'nyumba. Ana ena anathawira kunja, ena kulowa ndi kutuluka m'ndende. Koma m'mawa yunifolomu yosita, ulendo kuntchito.

A malume ako aja amakonda kunena kuti mkazi wa munthu wandale amangotchuka ndi dzina la mwamuna. A malume, ndikudziwa mukumvetsera, apa ndiye mwalakwa. Mu 1983 pamene ankakhazikitsa United Democratic Front, mgwirizano wa mabungwe olimbana ndi tsankho, anawasankha kukhala mmodzi wa atsogoleri ake iwo ali m'chitokosi, amuna awo ali m'ndende zaka 20. Atapuma ntchito ya boma anakagwiranso pa kachipatala ka Dr Abu Baker Asvat ku Soweto komweko, dokotala amene ankathandiza osauka ndi ovulala pa zipolowe. Dokotalayo anamuwombera m'kachipatala momwemo mu Januwale 1989, iwo ali pantchito tsiku limenelo. Pamenepo ine ndimangoti zii, chifukwa namwino amazolowera imfa ya wodwala, osati ya munthu amene mumamwera limodzi tiyi.

Mu 1994 analowa m'nyumba ya malamulo, ndipo amene anaimirira kutchula dzina la Mandela kuti akhale pulezidenti anali iwowa. Anakhalamo teremu imodzi basi. Max uja anadzakhala sipikala wa nyumba yomweyo mu 2009, mayi ake akuona. Bambo Walter anatsogola mu 2003, iwo anamwalira pa 2 Juni 2011 ali ndi zaka 92. Kumeneko ukafunsa agogo aliyense wa ku Soweto usati Albertina, uziti MaSisulu, akuyankha msanga.

Mawa ukatsika takisi undijambulire chikwangwani cha msewuwo, ndikaonetse anzanga amene tinapuma nawo ntchito, Lachinayi tili ndi mkumano. Koma foniyo uigwiritse, m'tauni imeneyo amatsomphola.